Mizere Yachikasu pa Nambala Seveni

Linali tsiku lachitatu la mvumbi. Mvula siinkagwa mwamphamvu ayi, inkangowaza, kuleka pang'ono, n'kuyambiranso, ndipo kumwamba kunali mbuu ngati phulusa. Pabwalo la polisi madzi anali atadzaza m'maenje onse. A Hamala anadutsa momwemo osasankha poponda, bulangete lili m'khwapa, kanyundo kawo kakulemera m'thumba la jekete.

Kanyundoko ndi kamene kanawapatsa dzina. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, pakampani yonyamula simenti ndi malata, ntchito yawo inali yoyendera malole m'mawa uliwonse asanatuluke pageti: kugogoda tayala lililonse, kuyesa mabuleki ndi magetsi, kenako kusayina fomu yoti galimoto ili bwino. Madalaivala ankati mdalayo amacheza kwambiri ndi matayala kusiyana ndi anthu. Chimwalirireni mkazi wawo zaka zinayi zapitazo, mawu ochepa omwe aja anachepanso.

Tsopano mlamu wawo anali m'chitokosi. Anali mchimwene wa malemuwo, anakulira m'nyumba mwawo kuyambira ali ndi zaka khumi, ndipo popeza banjalo silinaone mwana, malemu ankakonda kunena kuti, "Mwana wanga woyamba ndi wotsiriza ndi ameneyu." Chiwongolero anamuphunzitsa ndi a Hamala omwe. Anzake ankamutchula Kamba chifukwa cha kayendetsedwe kake kodekha. Lolemba m'mawa, lole nambala seveni imene ankayendetsa inagunda kalipentala amene anali panjinga, ndipo kalipentalayo anafera pomwepo.

"Mwabweranso, madala," anatero mayi sajenti, maso ali pa kaundula. "Mphindi zisanu. Bulangetelo tambasulani ndione."

Pabenchi la pakhonde panali mayi wina atakhala yekha, jumbo ili pamiyendo. M'jumbomo munkaoneka nsapato imodzi yachimuna ndi chogwirira cha sowo. A Hamala sanafunse kuti ndi ndani. Anavula chipewa podutsa.

Kamba anafika pazitsulo ali ndi bandeji pachipumi.

"Alamu, mwadya?"

"Ndadya." Linali bodza. "Nena kachiwiri. Kuyambira pageti."

"Ndanena kale kasanu, alamu."

"Nenanso."

Kamba anapumira m'mwamba. "Ndinatuluka sikisi koloko itangokwana, simenti yodzaza. Msewu unali wonyowa, ndiye ndinkangoyenda monga mwa masiku onse. Potsetsereka paja popita kumlatho ndinali pa 50, giya yachitatu, monga munandiphunzitsira. Kenako ndinangomva kuti phuu! kutsogolo kumanzere. Chiwongolero chinandilanda manja. Bambo uja anali kumbali kwake kwenikweni, atamanga chitseko panjinga. Anacheuka, alamu. Ndinamuona nkhope."

"Pepala la kampani likuti unali pa 91."

"Ine? Kamba? Anyamata amandiseka kuti njinga zimandiimbira belu kuti ndizipatukire!" Anayesa kuseka. "Akuti Lachisanu kukhoti. Akuti ndikavomera kuti ndinkathamanga, zaka zichepa. Koma chimene chikundizunguza mutu ndi tayala lija. Latsopano, la milungu iwiri. Liphulika bwanji? Inu munaligogoda Lolemba lija, si choncho?"

A Hamala anayang'ana nsapato zawo zonyowa.

"Nthawi yatha!" anafuula mayi sajenti.

*

"Ndione lole," anatero a Hamala atabwerera pakauntala.

"Mukaonepo chiyani? Woyeza magalimoto adzabwera sabata yamawa."

"Khoti ndi Lachisanu."

Mayi sajenti anawayang'ana kwa kanthawi, anaona kuti munthu wake si wochoka, natenga ambulera. "Tiyeni. Koma musachotsepo ngakhale kawaya."

Nambala seveni inali kuseri, pakati pa magalimoto ena ophwanyika, itagwada mbali ya kumanzere ngati ng'ombe yothyoka mwendo. A Hamala sanayang'ane galasi losweka kapena bampala lopindika. Anangolunjika patayala, nanjuta.

Pakampani paja panali lamulo limodzi losalembedwa paliponse, la a Hamala okha. Tayala likangomangidwa, manati onse atalimbitsidwa, iwo ankabwera ndi kachitini ka penti wachikasu n'kujambula mzere pa nati iliyonse, kuyambira pamutu pake mpaka parimu, chitsulo chimene tayala limavalapo. Nati ikamasuka ngakhale pang'ono, mzere unkaduka pakati, theka kuno theka uko, ndipo munthu ankatha kuona ali chiimire. Nambala seveni anaijambula ndi dzanja lawo milungu iwiri yapitayo, tsiku limene inavala matayala atsopano.

Pa manati khumi a tayala lophulikalo panalibe mzere ngakhale umodzi wokumana ndi unzake. Yonse inaloza kwina ndi kwina ngati nkhuku zobalalika.

Anapaka chala m'mbali mwa tayalalo. Chala chinada bii, chikununkha polishi wa nsapato. Analowetsa chikhadabo m'mizere ya pamwamba, ija imagwira msewu. Inali yokhotakhota, kuzama kosafanana, ndipo pansi pake pankabaya timawaya. Linali tayala lakale lotheratu, limene wina analitema mizere yatsopano ndi mpeni wamoto kuti lioneke lamoyo. Anazungulira kumanja. Chimodzimodzi. Anapita kumbuyo. Kumeneko matayala anali atsopano aja, mizere yachikasu ili chilili.

"Anaba awiri akutsogolo," anatero. "Anaikapo mitembo."

Mayi sajenti anawerama, nayang'ana manatiwo. Sanali munthu wopusa, ndipo a Hamala anaona kuti wamva.

"Ndikuona, madala. Koma penti payekha sayankhula m'khoti. Ine ndili ndi mapepala awiri ochokera kukampani kwanu. Loyamba ndi la liwiro lija. Lachiwiri ndi ili." Anatsegula fayilo pansi pa ambulera. "Lolemba, isanakwane sikisi koloko. Matayala: ali bwino. Manati ndi mizere yake: ali bwino. Ngati matayalawa anasinthidwa, ndiye kuti anasinthidwa galimoto itatuluka kale pageti, ili m'manja mwa mlamu wanu. Mukufuna ndimuwonjezere mlandu wakuba?"

Analoza pansi pa fomuyo ndi chala.

"Wasayina apayu ndi ndani?"

*

Pobwerera kukampani a Hamala sanakwere minibasi. Anayenda wapansi, Lolemba lija likuwazungulira m'mutu.

Mvula inali itayamba usiku. Malole khumi ndi anayi anali pamzere, mainjini akulira, ndipo bwana wa transipoti anali ataika lamulo latsopano loti sikisi koloko izikwana bwalo lili mbee. Kale kuyendera malole onse kunkatenga ola ndi theka, tsopano a Hamala ankapatsidwa theka la ola. Anayendera khumi ndi atatu, bondo likuwawa, madzi akulowa m'khosi mwa jekete. Itafika nambala seveni anaima pansi pa shedi. Matayala atsopano, anawaona Lachisanu lomwelo. Dalaivala ndi Kamba, mwana wophunzitsa okha. Matayala ankawala m'mvulamo, akuda bii. Anasayina fomu ali chiimire pomwepo, nakweza dzanja. Kamba anaimba hutala kamodzi, natuluka.

Mapazi khumi okha. Akanayenda mapazi khumi, akanaona mizere yoduka ija.

Makaniko anamupeza ali pansi pa nambala thuu, miyendo yokha ikuoneka kunja. A Hamala anagogoda nsapato yake ndi kanyundo.

"Amene akugogodayo adziwe kuti mpweya ndilibe, ndine tayala lakale!" Makaniko anatuluka chagada, girizi mpaka m'makutu. Ataona nkhope ya a Hamala anasiya nthabwala. "Akulu, Kamba ali bwanji?"

"Seveni unaimasula liti matayala?"

"Chiikireni atsopano aja sindinaikhudze. Bwanji?"

A Hamala anamuonetsa chala chakuda chija, namuuza za mizere. Makaniko anakhala tsonga.

"Mukuganiza kuti ndine?"

"Ndikufunsa."

"Akulu, mwandinyoza. Kuti ndine wakuba, mwina, munthu sadziwika. Koma kuti ndine chitsiru, ayi. Kachitini kanu ka penti kamakhala apo pashelefu, kopanda loko, burashi ili pambali. Ine nditaba tayala ndingasiye mizere yanu ili balala? Ndingapukute bwinobwino n'kujambulanso, inu osadziwa mpaka tsiku la chiweruzo. Pabwalo pano aliyense amadziwa za penti wanuyo. Madalaivala amachita kumulota. Ngakhale galu wa mlonda amamudziwa."

A Hamala mawu amenewo anawasunga.

"Loweruka ndiwe umapita ndi malole kokatsuka," anatero.

"Masabata onse, inde. Koma Loweruka lapitali ayi. Bwana anandituma m'mamawa kukatenga nambala firii imene inafera kutali, lamba wa injini ataduka. Ndinabwerako dzuwa litalowa, funsani dalaivala wake, tinakankha limodzi. Ndinadabwa kupeza seveni ikuwala, ine ndisanaitsuke. Ndinati kaya kwagwa mngelo wa sopo."

"Anaitulutsa ndani?"

Makaniko anayang'ana kumtunda, kumene kunali mawindo a maofesi, kenako anabwezera maso pa sipanala yake.

"Ine ndinali kutali, akulu. Amene amakhala pageti ndi mlonda."

*

Mlonda anali m'kanyumba kake, akuwotha manja pa ketulo. Anali munthu wokonda nkhani, woti ukamupatsa moni wagula ola lathunthu. Koma tsikuli atangoona a Hamala anayamba kukonzakonza zinthu patebulo.

"Bambo Hamala! Mvulayi, eti? Ine msana wanga umadziwiratu, ukangoyamba kuwawa ndimauza mayi a kunyumba kuti anula zovala. Ndiye dzana lija..."

"Buku la pageti."

"Buku? Aa, buku. Bukutu linapita kumtunda. Dzulo. Akuti a inshuwalansi akulifuna. Andipatsa latsopano, onani, loyera bwino, lonunkhira kusitolo."

"Loweruka seveni inatuluka?"

"Bambo, ine ndi mlonda. Ntchito yanga ndi kutsegula ndi kutseka. Geti lilibe pakamwa, nanga ine ndikhale napo chifukwa chiyani? Ndili ndi ana asanu, wamkulu akulemba mayeso chaka chino."

A Hamala anakhala pa kabenchi ka pakhomo, navula chipewa, nachiika pabondo. Madzi ankadontha kuchokera kudenga, kugwera m'chitini. Mlonda anatsegula buku latsopano lija, nalitseka. Anasuntha ketulo. Anakhosomola.

"Inu mumatopetsa ndi kukhala chete kwanuko, mukudziwa? Munthu wofunsa mafunso umatha kumuzemba." Anasuzumira panja, natsitsa mawu. "Ine sindinaone kanthu, tigwirizane kaye pamenepo. Koma tinene kuti munthu wina anali pageti Loweruka cha m'ma leveni. Munthu ameneyo mwina akanaona seveni ikutuluka. Woyendetsa wachilendo, wa ovolosi yabuluu, osati ya pakampani pano. Akuti ikupita kokatsuka."

"Kiyi anamutenga kuti?"

"Makiyi amagona kuti Loweruka? Inu simudziwa? M'kabati ya kumtunda. Ndipo mwini kabatiyo anali pampando wa pambali, foni ili kukhutu, anandikwezera dzanja chonchi." Mlonda anakweza zala ziwiri. "Kutsuka kumatenga theka la ola. Iwo anabwera thuu koloko itadutsa. Koma kunena zoona inawala, bambo. Matayala akutsogolo ngati nsapato za mkwati. Mpaka ndinayamikira, ndinati bwana, otsuka a lero ndi akatswiri."

"Unalemba m'buku?"

"Nthawi yotuluka, nthawi yolowa, zonse. Ine polemba sindiphonya. Ndiye chifukwa chake buku lili kumtunda."

"Ukanene zimenezi kupolisi."

Mlonda anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto. "Zinthu ziti? Ine ndanena kanthu? Ndimakamba za mvula ine. Bambo Hamala, Kamba ndimamukonda, amandibweretsera nthochi akachokera kutali. Koma mawu anga opanda buku ndi mphepo. Andichotsa ntchito m'mawa, madzulo alemba wina, Kamba akadali momwemo. Mundikhululukire."

Sanathe kuwayang'ana kumaso. A Hamala anavala chipewa.

Asanakwere kumtunda anazungulira bwalo lonse. Malole amene anali atabwerako anawayendera limodzi limodzi, akunjuta pa tayala lililonse, mvula ikuwamenya pamsana. Ankafuna kupeza ina, imodzi yokha, ya mizere yoduka, imene Kamba sanaigwirepo. Imeneyo ikanayankhula m'malo mwa mlonda. Koma mizere yonse inali yowongoka. Matayala atsopano anali pa seveni pokha, ndipo wakuba sataya nthawi ndi zakale.

*

Bwana wa transipoti anali mnyamata wa tayi, wobwera miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Chifikireni sanaonekepo atanjuta pambali pa tayala. Malole ankawadziwira pa kompyuta, pamene kachipangizo kamene madalaivala ankakatchula kazitape kankaonetsa pamene galimoto ili ndi liwiro lake. Chinsinsi chotsegulira kompyutayo chinali ndi iye yekha.

"Madala athu! Lowani, lowani. Mwanyowatu. Tiyi?"

A Hamala anaima chiimire pakapeti, madzi akudontha.

"Ndikufuna pepala la kazitape la Loweruka. La seveni."

"La Loweruka? Ngozi inachitika Lolemba, madala."

"La Loweruka."

Bwanayo anamwetulira. "Makinawa amasunga za masiku atatu okha. Za Loweruka zinafufutika dzulo. Pepani."

"Buku la pageti."

"Lili ndi a inshuwalansi. Kodi vuto ndi chiyani?"

A Hamala anatulutsa dzanja m'thumba, naika chala chakuda chija pa pepala loyera limene linali padesiki. Chinasiya chidindo.

"Polishi," anatero. "Matayala awiri akutsogolo si athu. Mizere yanga yaduka yonse."

"Mizere yanji?"

Funsolo linatuluka msanga, lopanda chinyengo. Pa fomu iliyonse imene munthuyu ankalandira m'mawa panali polembedwa za manati ndi mizere yake, koma sanafunsepo kuti mizereyo ndi chiyani. Pakampani ponse, munthu mmodzi yekha ndi amene akanaba tayala n'kusiya penti ali balala.

"Pabwalo aliyense amaidziwa," anatero a Hamala pang'onopang'ono. "Makaniko. Madalaivala. Mlonda. Inu nokha ndi amene mwafunsa."

Bwanayo anadzuka, natseka chitseko, nabwerera pampando wake. Kumwetulira kuja kunali kutachoka, koma mawu anali ofewabe.

"Khalani pansi, madala."

Sanakhale.

"Chabwino. Tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Inu mukuti matayala anasinthidwa Loweruka. Ine ndili ndi fomu iyi." Anaitulutsa m'dirowa, ngati kuti inkangodikira. "Lolemba m'mawa. Munthu wa zaka makumi awiri ndi ziwiri pantchito, amene sanalakwitsepo, akuti matayala ali bwino, mizere ili bwino. Ine ndikhulupirire ndani, inu a Lolemba kapena inu a lero? Ngati fomuyi ndi yoona, matayala anasinthidwa panjira, ndipo mlamu wanu ndi wakuba amene wapha munthu chifukwa cha dyera. Pamenepo zaka zake simungaziwerenge. Panopa nkhani ndi ya liwiro basi, msewu wonyowa, ngozi. Kampani imupezera loya, avomere, akhale pang'ono, atuluke. Ine ndikumuthandiza mnyamatayo, madala. Inu ndi amene mukufuna kumumiza."

"Sanathamange."

"Pepala likuti anathamanga."

"Pepalalo munalemba ndinu."

"Mungatsimikize?" Bwanayo anatambasula manja. "Njira ina ilipo, inde. Mukauze apolisi kuti fomuyi ndi yabodza, kuti munasayina osayang'ana. Mukatero, ndiye kuti amene anatulutsa galimoto yakupha pageti ndi inu. Ntchito yatha tsiku lomwelo, penshoni muiwale, ndipo mwina mukagona chipinda chimodzi ndi mlamu wanuyo. Nanga mupindulanji? Mwangotsimikiza kuti simunaone. Simunatsimikize kuti anasintha ndi ndani. Buku palibe. Mboni palibe. Mlonda ndamufunsa kale, akuti Loweruka ankadwala mutu, sakukumbuka kanthu."

Panja lole ina inkalowa pageti, ikuimba hutala. A Hamala anaizindikira ndi kulira kwa injini kuti ndi nambala naini. Zonse zimene bwanayo ananena zinali zolungama ngati mzere wawo womwe. Akakhala chete, Kamba amangidwa pa liwiro limene sanathamange. Akanena za matayala okha, Kamba asanduka wakuba. Akanena zonse, agwa iwo, ndipo Kamba mwina osadzuka.

"Pitani kunyumba mukapume," anatero bwanayo. "Mwakalamba nayo ntchitoyi, musaiwononge ndi tsiku limodzi. Mawa sikisi koloko bwalo likhale mbee."

*

A Hamala anatsika masitepe. M'shedi munalibe munthu, makaniko anali atapita kukadya. Anakhala pa tayala lakale, pamalo pomwe anaima Lolemba lija, nayang'ana pamene seveni inaima. Anawerenga ndi maso. Analidi mapazi khumi, mwina khumi ndi awiri.

Anakumbukira tsiku loyamba limene anamukweza Kamba m'lole, ali mnyamata woonda wa makutu aakulu. Asanamulole kugwira kiyi anamuzungulitsa galimoto katatu. "Galimoto imayamba kuyendetsedwa ndi miyendo," anamuuza. Madzulo ake mkazi wawo anaseka mpaka misozi, Kamba akuwayerekeza kayendedwe, manja kumbuyo, nkhope yokwinya, akugogoda miyendo ya mipando ndi supuni. "Uwaseke lero," anatero malemu, "koma bambo akowa sadzakutuma panjira ndi chinthu chimene sanachione."

A Hamala anakhala pomwepo mpaka bondo linauma. Kenako anaimirira, natenga kachitini ka penti pashelefu, nakaika m'thumba. Kanyundo anakatulutsa, nakapachika pamsomali.

Pageti mlonda anatsegula osafunsa. Atadutsa, anamva mawu kumbuyo.

"Bambo Hamala, mukubweranso?"

Sanacheuke.

Anafika kupolisi cha m'ma folo. Mayi uja anali akadali pabenchi, jumbo ili pamiyendo. Pafupi naye, atatsamiritsa kukhoma, panali njinga yopindika pakati, chingwe chomangira katundu chikulendewera. A Hamala anaima patsogolo pake, chipewa chili m'manja. Mayiyo anadzutsa maso otupa.

"Ndinu a kukampani?"

"Inde, mayi."

"Akuti dalaivala ankathamanga. Bambo a kunyumba ankaopa msewu, ankayenda m'mbali mwenimweni ngati mwana. Ndikungofuna wina andiuze kuti chinachitika n'chiyani. Aliyense akungondionetsa mapepala."

A Hamala anangowerama, nalowa mkati.

Mayi sajenti anali akulongedza mafayilo. "Madala, nthawi yoona anthu yatha."

"Sindinabwere kudzaona munthu."

Anaika kachitini ka penti pakauntala.

"Fomu ija ndi yabodza. Ndinasayina ndili pansi pa shedi. Matayala sindinawaone."

Mayi sajenti anasiya mafayilo. Anayang'ana kachitiniko, kenako nkhope yawo.

"Mukudziwa chimene mukunena? Ndikalemba zimenezi sizifufutika. Munthu wafa, madala, ndipo dzina lanu lilowa m'nkhaniyi."

"Ndikudziwa."

"Ndipo sindikukulonjezani kuti mlamu wanu atuluka. Chimene ndingachite ndi kupempha khoti lidikire woyeza magalimoto, ndi kulembera kampani kuti itipatse buku la pageti ndi za kachipangizo kanu koyeza liwiro. Akati zinatayika, zatayika. Mboni muli nayo?"

"Ndilibe."

"Ndiye mukudziponyeranji m'dzenje?"

A Hamala anayang'ana kachitini kaja.

"Mlamu wanga anandifunsa m'mawa ngati tayala lija ndinaligogoda. Sindinamuyankhe."

Kuchokera m'kati, kumene kunali zitokosi, kunamveka mawu a Kamba. Anali atazindikira kukhosomola kwawo.

"Alamu? Ndinu? Mwaiona lole?"

Mayi sajenti anapumira m'mwamba, nakoka mpando ndi phazi, natsegula tsamba latsopano.

"Chitseko chisiyeni chotsegula," anatero a Hamala. "Mayi ali panjawo amve nawo."

Anakhala pampandopo, naika chipewa pabondo, nayamba kufotokoza kuyambira Lolemba m'mawa.